Pepala Limene Ndinawerengera Tanios

1

Ine ndine Violette wa ku Zahle, tauni ya m'chigwa cha Bekaa, kum'mawa kwa Beirut. Lamlungu lina m'mwezi wa Meyi ndinatsala pang'ono kupha amuna anga pamaso pa alendo odzaza khonde. Sindinagwire mpeni, sindinathire kanthu m'mbale. Ndinangowawerengera pepala basi. Mundikhululukire ndikamathamanga nayo nkhaniyi.

Amuna anga ndi a Tanios, koma tauni yonse imawatcha Abu Nadim, kutanthauza bambo a Nadim, potengera mwana wathu woyamba amene ali ku Australia. Ndi mlimi wa mphesa. Chaka chilichonse mphesa zikapsa ankatcheza okha mowa wotchedwa araki kuseri kwa nyumba, mumphika wamkuwa umene anawasiyira bambo awo. Araki wawo anali wotchuka. Vuto linali lakuti womukonda kwambiri anali wotchezayo.

Sanali chidakwa chogona m'ngalande ayi. Sanandimenyepo, sanatukwanepo munthu. Ankamwa mwaulemu monga amwera amuna akwathu, patebulo, pali timbale ta zakudya, kakapu kakang'ono ndi madzi ozizira. Kungoti tebulo lawo linayamba kukhala msanga. Poyamba masana, kenako mmamawa dzuwa lisanatenthe n'komwe. Akazi a kwina amathira madzi m'botolo la amuna awo mwakabisira. Ife kuno mwayi umenewo tilibe, chifukwa araki akangokumana ndi dontho la madzi amayera ngati mkaka n'kukuulula.

M'mwezi wa Febuluwale, nthawi yodulira mphesa, ndinawapeza kumunda magazi ali chuchuchu pachala. Manja ankanjenjemera moti sizasi inaphonya nthambi.

"Abu Nadim, mwadzicheka! Dikirani ndikatenge nsalu."

"Nsalu ya chiyani? Tabweretsa botolo, iwe. Ndi kuzizira uku."

"Kuzizira kwake kotha ndi kapu imodzi? Chiwindi chanu mukuchiganizira?"

"Chiwindi changa n'chamwala wa kumabwinja a ku Baalbek. Agogo anga anamwa mpaka zaka 90, anafa atagwa pabulu."

Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinkaona maso awo akuyamba chikasu m'mbali, ndipo ndinadziwa kuti ndikangokhala chete, chaka chamawa ndidzavala zakuda.

2

Ndinawakokera kuchipatala kukayezetsa magazi ponamizira chala chija. Zotsatira ndinakatenga ndekha.

Mapepala a kuchipatala kuno amalembedwa m'Chifalansa. A Tanios anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Chiarabu amawerenga bwino koma Chifalansa amangoona nyerere. Ine ndinaphunzira kwa masisitere. Kwa zaka 31 ndinali maso awo: makalata a boma, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala ophera tizilombo, chilichonse. Ankangondiponyera pamiyendo n'kunena kuti, "Tiuze, profesa."

Tsikulo ananenanso chimodzimodzi, buledi wotentha ali m'manja. Ndinatambasula pepala lija, ndinaliyang'ana nthawi yaitali.

"Shuga," ndinatero. "Akuti muli ndi shuga."

Buledi anawagwa. Muyenera kudziwa kuti apongozi anga aamuna anafa ndi matenda amenewa. Anayamba kudulidwa chala cha kuphazi, kenako phazi, kenako mwendo wonse, ndipo amene ankawabereka kumsana kupita nawo kuchimbudzi anali a Tanios. Munthu wosaopa mabomba, wosaopa chiwindi, wosaopa ngakhale ine, ankaopa shuga ngati mwana woopa jakisoni.

"Wakwera kwambiri?" anafunsa, mawu ali ang'onoang'ono.

"Akuti tikasintha kadyedwe lero lomwe, mankhwala simufunika kumwa."

"Miyendo?"

"Mukamvera, miyendo ipulumuka."

Anawerama n'kugwira bondo lawo. "Undiuze chochita, Violette. Chilichonse."

3

Chochitacho ndinali nditachipeza kale. Mwana wa mchemwali wanga, Carine, ndi katswiri wa kadyedwe ku Beirut, ndipo nthawi ina anandiuza za kadyedwe kotchedwa keto: osakhudza buledi, mpunga, mbatata kapena shuga, kumangodya nyama, mazira, tchizi, masamba ndi mafuta ambiri a azitona. Ndinamuimbira foni nditabisala m'chipinda chosungira zakudya.

"Tandiuzanso zija unkanena za anthu akumwa."

"Tante, zili chonchi," anatero Carine, amene amanditchula choncho m'Chifalansa. "Ubongo wa munthu umadya shuga wa m'magazi. Koma munthu akamwa zaka zambiri, ubongo umazolowera kudya zotsalira za mowa. Akangosiya, ubongo umakhala ndi njala, ndiye kunjenjemera kuja, thukuta, mtima kumangoitana botolo. Tsono akasiya buledi ndi mpunga, chiwindi chimayamba kupanga chakudya china kuchokera ku mafuta, makitoni. Chakudya chimenecho chimafanana ndi chija ubongo unazolowera, ndiye umakhalako pansi. Ena chibaba chimawachepa ndithu. Si onse, koma ena."

"Basi, zomwezo."

"Dikirani. Amalume avomera? Dokotala wawo akudziwa? Munthu wakumwa chonchi sasiya yekhayekha kunyumba, akhoza kukomoka."

"Onse akudziwa," ndinanama, osaphethira.

"Chabwino. Koma pali chinthu chimodzi, Tante, muwauze lero lomwe, musachite kudikira mawa."

Anandiuza chinthucho. Anachibwereza kawiri. Ndinati ndamva, ndinathokoza, ndinadula foni. Amuna anga sindinawauze.

4

Masiku oyamba anali ovuta. Mwamuna wa ku Zahle wopanda buledi sadziwa n'komwe chochita ndi manja ake patebulo.

"Ndiye chambiko cha labne ichi ndichidye ndi chiyani, ndi chala?"

"Ndi nkhaka."

"Nkhaka! Ndasanduka mbuzi tsopano? Mawa undimangirira pamtengo."

Koma ankamvera. Ngakhale kanyenyeswa sankakhudza. Nyengo ya Lenti itafika, pamene ife tonse tinali pa mphodza ndi tirigu, ndinapita kwa bambo mfumu kukawapemphera chilolezo chodya nyama poti ndi odwala. Bambo mfumu anandigwira dzanja, nati awaikiza m'mapemphero. Ndinatuluka m'tchalitchi nkhope ikutentha.

Za araki sindinatchulepo ngakhale kamodzi. Ndinkangoyang'anitsitsa botolo. Sabata yoyamba linatsika monga mwa masiku onse, kungoti iwo ankagona msanga masana n'kumadandaula mutu. Sabata yachitatu linatsika pang'ono. Pofika Pasaka linali litachita fumbi.

"N'zodabwitsa, Violette," anatero tsiku lina akumanga mabatani a malaya, zala zili zii osagwedera. "Chinthu chija sichikundiitananso. Ndimachiyang'ana ngati mlamu amene tinayambana."

Ndinathamangira kukhitchini kukalira ndi chimwemwe. Ndinkadziona ngati mkazi wochenjera kwambiri m'chigwa chonse cha Bekaa.

Panali zinthu ziwiri zokha zondisowetsa mtendere. Choyamba, m'kamwa mwawo munayamba fungo lachilendo, lotsekemera ngati maapozi ovunda. Carine anali atandichenjeza kuti ndi makitoni amenewo, si kanthu. Chachiwiri, mmawa uliwonse ndinkawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, phazi lili pabondo, akupenda chala chimodzichimodzi, kuchitsina kuti aone ngati chikumva. Ndinkadziuza kuti mawa ndilankhula. Mawalo silinkafika.

5

Mu Meyi, a kwawo kwa Wadih anatumiza mawu kuti akubwera kudzapempha mwana wathu wamkazi, Joumana. Wadih ndi mnyamata wofatsa, mphunzitsi, ndipo Joumana anali atamudikira zaka zitatu.

Lamlungu limenelo a Tanios anadzuka mmamawa, anayatsa makala, anakonza nyama, anasesa khonde kawiri. Chifukwa cha nkhawa sanadye kanthu, khofi wowawa yekha. Alendo anafika masana: Wadih, bambo ake Abu Wadih, amalume, ndi azakhali ake a Najla, mayi wamkulu thupi ndi mawu, amene asanakhale n'komwe pansi anali atatiuza kale kuti akhala ndi shuga zaka makumi awiri ndipo madokotala amafunsira kwa iwo.

Mawu analankhulidwa, a Tanios anavomera, akazi tinalulutira. Tinakhala patebulo pansi pa mpesa. Apo ndi pamene Abu Wadih anamenya tebulo.

"Anthu inu! Tabwera kunyumba ya Abu Nadim, ndiye tibwerere osalawa araki wake? Kumudzi akatiseka!"

Botolo linabwera.

"Abu Nadim, shuga uja," ndinanong'ona.

"Araki alibe shuga, iwe, ndinafunsa kale," anandiyankha akumwetulira alendo. "Mwana wanga akupemphedwa kamodzi. Ndikane kapu ya sewele wanga pamaso pa anthu? Tiwiri titatu tokha. Kale ndinkamwa khumi n'kukwera makwerero."

Mawu a Carine anali pamilomo panga. Koma ndikanayamba bwanji, pamaso pa anthu onsewo? Ndinawakankhira mbale ya buledi. Anaikankhira kwina n'kundiyang'ana modabwa.

"Kwa akwati!" Kapu yoyamba.

"Kwa mabanja awiriwa!" Yachiwiri.

"Kwa Nadim amene ali kutali!" Yachitatu.

Ndinkawerenga ngati munthu wowerenga masitepe mumdima. Pasanathe theka la ola, a Tanios anayamba nkhani ya bulu wa agogo awo n'kuisiya pakati. Anayambanso. Lilime linalemera. Anamutcha Wadih kuti Nadim. Amalume a Wadih anayang'anana. Joumana anandiyang'ana ine, maso ake akufunsa kuti, mayi, si munati anasiya?

Kenako ndinaona thukuta. Linkatsika pachipumi ngati awathira madzi, nkhope itayera ngati pepala. Anaimirira, anati, "Violette, miyendo yanga ili kuti?" Anagwa chammbali n'kukoka nsalu ya patebulo, mbale zonse phwaa pansi.

6

Aliyense ankakuwa. Wadih anaimbira ambulansi, koma anati msewu wadzaza magalimoto a ukwati, tidikire. Ndinagwada pambali pawo. Maso anali otseguka pang'ono koma sankandiona, thupi lili lozizira, likunjenjemera.

"Tapatukani, tapatukani!" A Najla anandikankha n'kugwada. Anaweramira pakamwa pa amuna anga, ananunkhiza, n'kudzuka maso ali tong'o. "Mayi Maria! Fungo ili ndikulidziwa. Maapozi ovunda. Shuga wakwera mpaka kudenga uyu. Anandigoneka chipatala masiku asanu ndi fungo lomweli. Amabaya insulini wanji?"

"Sabaya," anayankha Joumana akulira.

"Wa shuga osabaya? Ndiye mukumupha nokha! Wadih, chikwama changa!"

"Azakhali, tiyeze kaye," anatero Wadih.

"Kamakina ndakasiya kunyumba. Mphuno yangayi ndi makina okwana, zaka makumi awiri!"

Anatulutsa jakisoni wawo wonga cholembera. Ndinamva kulira kwake akumupotokola, thee, thee, thee. Anakweza malaya a amuna anga, anatsina mnofu wa pamimba. Ine sindine dokotala, koma apongozi anga ndinawadwazika, ndipo ndinkadziwa chimene insulini amachita kwa munthu amene shuga wake sanakwere. Ndinayang'ana Joumana ndi mphete yake yatsopano. Ndinayang'ana Abu Wadih. Mulungu andikhululukire, kwa kamphindi ndithu ndinaganizira manyazi anga.

Ndinawagwira dzanja a Najla mwamphamvu moti jakisoni anagwa.

"Musabaye! Alibe shuga!"

"Wapenga mkazi iwe? Mwana wako wangonena kuti..."

"Alibe! Sanakhalepo naye! Ndinanama ine!" Ndinkakuwa ngati wamisala. "Pepala linati chiwindi, dokotala anati asiye mowa. Ndinadziwa kuti andiseka, ndiye ndinati shuga. Fungolo ndi la kadyedwe. Ndipo anandiuza, anandiuza kawiri, kuti munthu wodya chonchi asakhudze mowa ngakhale dontho, chifukwa umamugwira kuposa kale ndipo shuga amatsika, sakwera. Watsika! Mukabaya mumupha!"

Ndinkamva makala akuthetheka.

"Mayi," anatero Joumana, "mwati chiyani?"

Ndinathamangira kukhitchini n'kutenga botolo la uchi wa mphesa, uja timaphika tokha m'dzinja kuchokera ku mphesa zathu. Wadih anawagoneka chammbali. Ndinaviika chala n'kuwapaka mkati mwa tsaya, m'nkhama, pang'onopang'ono kuti asatsamwe, ndikuwaitana dzina limene sindinawaitanepo pagulu.

"Tanios. Tanios, usandisiye ndi bodza limeneli."

A Najla anali atakhala pansi penipeni pakati pa mbale zosweka, akuyang'ana dzanja lawo. Ambulansi inafika a Tanios atangoyamba kuyendetsa lilime.

7

Dokotala wa kuchipatala anali mtsikana wamng'ono kwa Joumana, koma anandilankhula ngati mwana wake.

"Shuga wawo anali pansi kwambiri. Mowa m'magazi unali wochuluka ngati amwa botolo lonse. Munthu wosadya buledi ndi mpunga miyezi itatu, chiwindi chake chimakhala chilibe shuga wosunga. Mukachipatsa mowa chimasiya zonse n'kumalimbana ndi mowawo, ubongo n'kutsala wopanda chakudya. Komanso atasiya masabata angapo, mutu wawo sunalinso wozolowera. Akanabayidwa jakisoni uja, bwenzi tikulankhula zina. Ndipo mayi, kuwasiyitsa mowa kunyumba popanda dokotala, munachita mwayi kuti sanakomoke kalekale."

Mmawa mwake ndinalowa m'chipinda chawo. Anali maso. Joumana anali atawauza zonse. Bulangete linali litakwezedwa, mapazi ali pamtunda, ndipo iwo ankawayang'ana.

"Abu Nadim," ndinayamba.

"Miyezi itatu, Violette." Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira. "Mmawa uliwonse ndinkawerenga zala izi. Ndinapita kumanda kwa bambo kukawauza kuti ndikubwera njira yawo yomweyo. Ndinamuuza kalipentala ayeze khomo la kubafa, ngati mpando wamatayala ungalowe. Iwe unkandiona."

"Ndinkaopa kuti mufa."

"Ndikudziwa. Ndipo mwina ndikanafadi. Ukanandiuza zoona, ndikanakuseka. Zimenezonso ndikudziwa."

Namwino analowa ndi pepala la zotsatira zatsopano n'kuwapatsa. Mwachizolowezi ndinatambasula dzanja. A Tanios analiyang'ana dzanja langalo, analipinda pepala lija bwinobwino, n'kuliika pansi pa pilo.

"Joumana abwera masana," anatero.

8

Papita zaka ziwiri. Ukwati wa Joumana unachitika, mochedwa ndi miyezi inayi. Amene anaumenyera nkhondo kwawo kwa Wadih anali a Najla. Akuti anauza abale awo kuti, "Mkazi uja ananama, koma amene anagwira jakisoni ndine." Masiku ano kamakina kawo sikachoka m'chikwama.

A Tanios sanamwenso. Panopa amaonana ndi dokotala amene anasankha okha, wolankhula nawo m'Chiarabu, ndipo buledi anabwerera patebulo pang'onopang'ono. Mphika wamkuwa uja anaupatsa mphwawo. Mphesa zathu zonse zimapita ku uchi. Amaseka nane, amandigulira maluwa pa tsiku la Amayi Maria, amanditchula dzina langa. Amene amatiyendera amati ndife banja lokondana, ndipo sakunama.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi wanu kunyumba amene manja ake amanjenjemera mmawa, ndipo mwina mwamvapo kuti kusintha kadyedwe kumachepetsa chibaba cha mowa. Kwa amuna anga kunathandizadi, sindingakane. Koma mupite naye kwa dokotala, amve ndi makutu ake zabwino zake ndi zoopsa zake zomwe. Ine ndinasankha zoti amve ndi zoti asamve, poganiza kuti ndikumuteteza, ndipo chimene ndinabisa ndi chimene chinamugwetsa. Ena mwa inu munena kuti, nanga si ali moyo? Eya, ali moyo. Ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse.

Koma dzulo kunabwera kalata ya boma yokhudza munda, yolembedwa m'Chifalansa. Ndinali pomwepo, magalasi anga ali pamphuno. A Tanios anaitembenuza uku ndi uku, anandimwetulira, anavala chipewa, n'kuyenda wapansi mpaka kutsidya kwa mtsinje, kwa Joumana, kuti akawawerengere.